Mawu a Achimwene Anali M'njira

Ntchito yomaliza imene ndinagwirapo inali yoyang'anira kanyumba ka malata kufupi ndi pamene Bua amathira m'nyanja. Matipate anali atangoyamba kuzolowereka, anthu akuvala nsalu za zipani zosiyana popanda kucheuka. Anandilemba chifukwa mtsinjewo ndinkaudziwa, komanso ndinkatha kulemba manambala. Kulembako ndinaphunzira mochedwa, ku sukulu ya kwacha, imvi zitayamba kale, nditakhala pa benchi limodzi ndi amayi obereka ana kumbuyo.

M'kanyumbamo munali kompyuta, mabatire, ndi foni imodzi yokhomera m'kabati. Padenga panali masola. Panja anaimika chimbale choyera choloza kumwamba, chimene chinkalankhula ndi setilaiti. M'mawa uliwonse ndinkatsikira ku ndodo yoyezera madzi imene anaizika m'mphepete mwa mtsinje, kuwerenga pamene madzi afika, kukalemba nambalayo m'kompyuta ndi chala chimodzi, kenako kupukuta zitosi za mbalame pa masola ndi pa chimbale.

Bwana wanga anali injiniya wobadwira pa boma, Msilamu wa ndevu zochepa, munthu wokonda kuseka. Ankabwera pa njinga yamoto, nthawi zina n'kukhala masiku atatu akulimbana ndi kompyutayo. Tsiku lina ndinawafunsa chimene chinkawadwalitsa mutu chonchi.

"Madala, munakokapo khoka?"

"Ndinabadwira m'khoka, bwana."

"Ndiye ntchitoyi mukuidziwa kale. Khoka ndi limodzi, okoka ndi ambiri. Mbali imodzi ikatsalira, chimachitika n'chiyani?"

"Nsomba zimathawira komweko."

Anandiuza kuti kompyuta yathu sinali yokha. Inali ndi anzake ku Ulaya, ku Joni ndi kwina, onse akugawana samu imodzi yaikulu: kuwerengera kuti mvula ikagwa kumtunda, Bua adzasefukira liti m'madimba a mpunga. Samuyo inali yolemera moti kompyuta imodzi sikanaitha pa nthawi yake. Ndiye aliyense ankatenga chigawo chake, kuwerengera, kuonetsa anzake, kenako n'kutenga china. Palibe ankapitirira anzake onse asanapereke. Womaliza kupereka tsiku lililonse anali ife.

"Mbali yathu ya chingwe ndi imene ikutsalira," anatero. "Akuluakulu akuti tikapanda kufulumira atichotsa pa khoka."

Ndinati mwina kompyuta yathu ndi yaulesi chifukwa cha kutentha kwa kuno. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ulesi ilibe. Uthenga ukachoka pano umakwera kumwamba, kutali kwambiri, kenako n'kutsikira ku Ulaya. Yankho nalo limakwera n'kutsika. Tsono kompyuta yanuyi ndi Mchewa weniweni, ulemu wachuluka. Ikapereka kanthu kamodzi imakhala pansi, manja pa maondo, kudikira kuti wolandirayo anene zikomo. Zikomoyo akafika, ndi pamene imapereka kena. Tsiku lonse limathera m'kudikira zikomo."

"Ndiye mukufuna kuiphunzitsa mwano?"

"Pang'ono pokha, madala."

Anaiphunzitsadi. Anaikonza kuti izitumiza zinthu zambiri motsatizana, zikomo azibwera pambuyo. Timauthenga ting'onoting'ono anayamba kutimanga mtolo umodzi, akuti usipa sagulitsa umodziumodzi. Analembera anzake akunja kuti azitipatsa chigawo chachikulu nthawi imodzi kuti kufunsana kuchepe. Ndinawafunsa ngati sakanatha kungofupikitsa ulendo wa kumwambawo. Anapukusa mutu.

"Umenewo ngakhale Mzungu walephera. Mtunda ndi mtunda. Chimene tingathe ndi kudziwa kuti ulipo."

Zonsezi ndinazimva bwino. Ndikulemba zimenezi kuti pasapezeke wonena kuti sindinkadziwa.

Ndinali ndi achimwene anga mmodzi, mphunzitsi. Makolo anatha kutumiza mwana mmodzi yekha ku sukulu, ndipo anatumiza iwo, ine n'kutsala ndi nkhafi ndi khasu. Amayi atamwalira, dimba lawo la mpunga, lachonde kuposa onse m'dambo lathu, abale anati aziyang'anira achimwene. Ndinkalima ndine, oyang'anira n'kukhala iwo. Nthawi imeneyo kunali chipani chimodzi, ndipo ine ndinali mmodzi wa achinyamata oima pa chipata cha msika kufunsa anthu makhadi. Ndinakauza akuluakulu a chipani kuti achimwene amamvera wailesi yakunja ndipo amanyoza boma pamaso pa ana asukulu. Za wailesi zinali zoona, za kunyoza zinali zanga. Anandilembera pepala, ine n'kudinda chala. Sindinkatha kuwerenga, koma sindidzanama kuti sindinkadziwa zimene zinali m'menemo.

Apolisi anawatenga ali m'kalasi. Atatuluka m'ndende sanafikenso kumudzi, anawoloka kupita ku Tanzania. Dimba linakhala langa. Linkabereka chaka ndi chaka, ngati silikudziwa kanthu.

Boma litasintha, othawa ambiri anabwerera. Ndinkati ndikamva basi ikuima pa msewu wa ku Liwaladzi ndinkasuzumira, koma iwo sanatsike. Kalata yoyamba imene ndinalemba nditaphunzira kulemba inali yawo. Ndinalibe keyala, ndipo ndikanakhala nayo sindikudziwa ngati ndikanaitumiza.

Kenako kunabwera kalata kudzera ku tchalitchi, yochokera kwa mwana wawo wamkazi amene sindinamuonepo. Analemba Chichewa chopunduka. Anati, abambo aang'ono, abambo ali m'chipatala, akudwala kwambiri, akufuna kumva mawu a kwawo. Anaika nambala ya foni ya mu ofesi ya anamwino, n'kunena kuti Lachisanu lililonse teni koloko m'mawa amatha kuwakankhira pa njinga ya odwala mpaka pa foniyo.

Ndinaonetsa kalatayo kwa a injiniya. Za pepala lija sindinawauze. Anangoti, "M'bale ndi m'bale. Lachisanu ndibwera mamawa, koma timalize msanga ndisaphonye swala ku mzikiti."

Anabweradi. Anatsegula kabati, n'kutulutsa foni, koma asanaimbe anandigwira pa phewa.

"Mvetserani, madala. Tanzania ndi pafupi pa bwato, koma pa foni iyi ndi kutali kuposa Ulaya. Mawu anu akwera kumwamba, atsikire ku Ulaya, akwerenso, ndi pamene afike kwa achimwene anu. Awo nawonso chimodzimodzi. Mukalankhula mumva zii. Musaope, ndi mtunda umenewo. Werengani mpaka faifi. Chinanso, foni iyi imatsegulira munthu mmodzi. Mukalankhula iwo akulankhula, muwatseka pakamwa."

"Ndamva, bwana."

"Mwamva? Faifi. Osati wani, thu, faifi, ngati mmene mumawerengera masiku a holide."

Anaimba, analankhula Chiswahili ndi namwino, chifukwa kwawo ankachidziwa kuchokera kwa agogo awo amalonda, kenako anandipatsa foni. Iwo anatuluka kukapukuta chimbale chimene ndinali nditapukuta kale. Unali ulemu.

Poyamba tinagundana. Ine ndinati muli bwanji, iwo nawonso anali atanena muli bwanji, mawu n'kuphwanyana m'njira. Tinayesanso, tinagundananso. Kachitatu ndinaluma lilime n'kuwerenga. Pa folo mawu anatulukira, ochepa ngati a munthu wolankhulira m'botolo.

"Iwe, ukadali wopupuluma chomwechi?"

Anaseka, ine n'kusekanso, maseko athu n'kuphonyana. Anafunsa ngati mpasa zikukwerabe Bua. Ndinati zikukwera koma zachepa. Ndinawerenga. Anafunsa ngati mtengo wa mango wa pa manda a amayi ulipo. Ndinati ulipo. Ndinawerenga. Zinkayenda bwino, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina tithera pa nsomba ndi mitengo.

"Nanga dimba lija likubereka?"

Sanafunse mwaukali. Mwina ankangofuna kudziwa za mpunga. Koma ine ndinapezeka ndagwada pa simenti, foni ili kukhutu, kugwadira kabati.

"Achimwene, chala chimene chinadinda pepala lija chinali changa. Ndinakunamizirani chifukwa cha dimbalo. Ndikhululukireni."

Kunali zii.

Kwathu, wamng'ono akagwada kupepesa, wamkulu amene wakhululuka sachedwa. Amati dzuka, kapena amakugwira dzanja mawu ako asanathe. Akakhala chete n'kuyang'ana kumbali, ndiye kuti wakana, ndipo sumuumiriza kuti akane ndi pakamwa. Kumuumiriza ndi kumulakwira kachiwiri. Umadzichotsa wekha, kumusiyira ulemu wake. Zimenezi sanandiphunzitse ku sukulu ya kwacha, zinalowa m'mafupa ndili mwana. Nkhope yawo sindinkaiona. Dzanja lawo silikanandifika. Chimene ndinali nacho chinali chete yekhayo.

Ndinawerenga wani. Ndinawerenga thu. Pa firii ndinaona m'maganizo achimwene atayang'ana kukhoma la chipatala.

"Ndamva, achimwene. Musavutike kuyankha. Tsalani bwino."

Ndili pakati pa mawu amenewa ndinamva m'khutu mawu awo akuyamba, ngati munthu akutsegula chitseko, koma anga anawatseka. Sindinagwirepo ngakhale liwu limodzi. Dzanja linali litayamba kale kutsika, ndipo linatsika. Foni inati khwa.

A injiniya atalowa anandipeza ndikadali chogwada.

"Mwatha kale? Akuti bwanji?"

"Sanayankhe."

"Munawerenga?"

Ndinadzuka pa simenti paja. Anandiyang'ana, kuseka kuja kutatheratu, n'kutola foni. Anaimba koma sinalowe. Anaimbanso, sinalowe. Itadzalowa, namwino anati wodwalayo amubwezera kale ku bedi, watopa, adokotala akuzungulira, tiyese Lachisanu linalo. A injiniya anachonderera m'Chiswahili nthawi yaitali. Tsiku limenelo swala anaiphonya.

Lachisanu linalo tinaimba teni koloko yeniyeni. Namwino anati bedi lija muli munthu wina.

Kalata yachiwiri ya mwana uja inafika patapita milungu. Anati abambo anamwalira Lachiwiri. Anati tsiku la foni anamuuza kuti adikire pakhonde, ndipo namwino naye anatuluka, choncho palibe anamva zimene analankhula. Atalowa anawapeza foni ikadali kukhutu, akulankhulabe. Odwalawo atazindikira kuti pa foni kulibe munthu, anaipereka n'kunena mawu amodzi okha, akuti wandidula. Sanalankhulenso za ine. Kumapeto mwanayo anafunsa kuti, abambo aang'ono, kodi munawauza chiyani?

Akulankhulabe. Ndiye kuti yankho linali lalitali. Munthu wokana salankhula nthawi yaitali, ndimadziuza choncho masiku ena. Masiku ena ndimakumbukira kuti munthu amene wasunga mawu zaka zonse zija m'dziko la eni angakhale ndi zambiri zotukwana. Zonse ziwiri ndikanazilandira. Akanandinyoza ndikanadziwa pamene ndaima. Koma chomaliza chimene iwo anamva kwa ine chinali chakuti asavutike kuyankha, ngati munthu wobwera kudzatula katundu wake pakhomo pa wodwala n'kuthawa.

Za kompyuta zinayenda. Tinaleka kukhala omaliza, ndipo sanatichotse pa khoka. Dzinja limenelo uthenga unabwera madzi asanafike, ine n'kuyenda m'madimba kuuza anthu kuti achotse mbande ndi mbuzi kumunsi. Ena anamvera. A injiniya anandigulira fanta pa golosale, akuti mwano wa kompyuta wapulumutsa mpunga. Ndinamwa kuti ndisawakhumudwitse.

Tsiku lomwelo ndinawafunsa chimene chinkandisowetsa mtendere. Ndinati, popeza mawu amakwera kumwamba asanatsike, kodi kulibe pamene amatsalira? Kodi anzawo a ku Ulaya, ndi makompyuta awo onse aja ogawana ntchito, sangafufuze mawu a munthu mmodzi wodwala, a Lachisanu limodzi?

Ndinawadikira osawadula.

"Setilaiti sisunga kanthu, madala. Imangolandira n'kubweza. Mawu aja anatsika, anafika mpaka m'kanyumba muja."

"Ndiye anapita kuti?"

"Anapeza foni mwaika pansi."

Patapita zaka zochepa ntchito ija inatha. Anabwera ndi galimoto kudzatenga kompyuta, mabatire ndi foni. Chimbale anachisiya, ndipo amayi a pafupi amayanikapo chinangwa. Dimba ndinaleka kulima. Ana anga amati ndi ukalamba, ndipo sindiwatsutsa.

Masiku ano munthu akandilankhula ndimawerenga mpaka faifi ndisanayankhe, ndipo ndikalankhula ndimawerenganso. Adzukulu amaganiza kuti makutu afa, amabwereza mokuwa. Kalata ya mwana wa achimwene ili m'chitini limodzi ndi ija ndinalemba poyamba. Keyala tsopano ndili nayo, kulemba ndimatha. Ndayamba kangapo. Ndimafika pa mawu akuti mwana wanga, funso lako ndalimva, n'kuika cholembera pansi.