Tsiku Limene Ndinasambitsa Injini

Ndikakumbukira agogo anga aakazi, chimene chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la oyilo wakupsa losakanikirana ndi la sopo wa mtanda, amene ankalephera kuchotsa zakuda m'zikhadabo zawo. Tinkakhala ku Ulongwe, kuseri kwa msika, ndipo pansi pa mtengo wa mango pankaima galimoto yakale yotuwa ya zitseko zinayi, imene inkatidyetsa ponyamula nsomba zouma kuchokera kwa Mposa kukagulitsa ku Balaka.

Loweruka lililonse m'mawa boneti inkatsegulidwa. Odutsa ankaona agogo aamuna ataima ndi sipanala, akazi awo atawerama pambali ngati ongothandizira. Sankadziwa kuti maso a madalawo anachita ng'ala kalekale. Woyeza oyilo, wokunga lamba wa fani, wopala mapulagi ndi wothira madzi a mvula m'batire anali agogo aakazi, atamanga chitenje chawo, poti masiku amenewo mkazi kuvala thalauza unali mlandu. Ngakhale paulendo, akangotuluka mu Ulongwe ankasinthana mipando.

Agogo aamuna atamwalira, galimoto inakhala mwezi wathunthu osaikhudza. Pa tsiku lometa, amayi a pamudzi anachapa ndi kutsuka katundu yense wa malemu kuti akaonekere bwino pamaso pa ankhoswe pogawa. Ine, kamtsikana ka sitandade folo kofuna kuyamikiridwa, ndinapatsidwa galimoto kuti nditsuke. Kunja nditamaliza ndinatsegula boneti, ndinaona litsiro, ndipo ndinakhuthulira injini ndowa zitatu za madzi n'kuikwecha ndi phulusa ngati mphika.

Che Bwanali, mng'ono wawo wa malemu, anapotokola kiyi. Injini inangobuula n'kukhala chete.

"Yapita ndi mwiniwake iyi," anatero. "Tiikoka ndi ng'ombe ikagulitsidwe zitsulo. Alamu, inu tengani mapoto."

"Nanga ikalira?" anafunsa agogo.

Che Bwanali anaseka, akuyang'ana ankhoswe. "Ikalira ndi manja anuwo, ndi yanu."

Agogo anadzuka pamphasa, mutu atangometedwa kumene, n'kukatsegula boneti. Ataona injini ikuwala, anafunsa yemwe waisambitsa. Ndinavomera ndikulira, chifukwa ndinazindikira kuti chakudya chathu ndachithira madzi ndekha.

"Galimoto imamwera pakamwa pamodzi pokha, mwana iwe. Pukuta misozi, yanyowa kale yakwana."

Anamasula chivundikiro chakuda chimene mawaya a ku mapulagi amachokera, madzi n'kuchucha. Posowa nsalu youma anavula mpango wawo, amayi ena n'kugwira pakamwa poona namfedwa ali chimutumutu pamaso pa alamu ake. Agogo analibe nazo ntchito. Anapukuta m'kati monse, anayanika chivundikirocho pamwala, ndipo tizitsulo tothetheka moto anatipala ndi m'mbali mwa bokosi la machesi. Batire inali itafooka, choncho anapempha amayi omwewo kuti akankhe. Inakana. Anakankhanso mpaka thukuta kamukamu, inakananso, ndipo Che Bwanali analamula kuti ng'ombe zimangidwe goli.

"Iyayi, alamu, sindinathe," anatero agogo.

Anamasula mapulagi onse anayi n'kuwaumitsa pa makala amene ankaphikira ndiwo za alendo. Ndinawagwirira sipanala ndili ndi mantha. Atawabwezera anakhala pa chiwongolero n'kuuza okankha kuti alunjike kotsetsereka, njira ya kudambo. Inathamanga mwakachetechete mpaka tinataya mtima, kenako inadzuma, inatsokomola kawiri, n'kulira ndi utsi wakuda, nkhuku balalabalala. Amayi anaiwala kuti ali pamaliro, analulutira.

Agogo anaitembenuza, anabwera nayo n'kuiimika pamaso pa ankhoswe osaizimitsa.

"Achimwene sanandiuzepo zimenezi," anatero Che Bwanali motsitsa mawu.

"Ankachita manyazi ndi maso awo. Ine ndawasungira chinsinsi mpaka kumanda, koma njala sindingaisunge."

Galimoto ija inatidyetsa mpaka ndinamaliza sekondale. Agogo anapita, nayo inaolera pabwalo. Koma chaka chimene amuna anga anamwalira, abale awo atabwera kudzandiuza zimene mkazi sangakwanitse, sindinalire pamaso pawo. Ndinadzuka pamphasa n'kuwauza kuti adikire kaye, sindinathe.