Apongozi sakwawa mkamwini akuonerera

Loweruka lapitali anandithamangitsa m'nyumba ya apongozi anga ku Santhe. Inde, ine ndemwe, munthu wa ndevu zanga. Ndipo wondithamangitsayo sanali mwini nyumba ayi, koma mlendo amene ndinachita kumunyamula ndekha pa njinga yamoto.

Dikirani ndikuuzeni.

Apongozi anga aamuna, a Phiri, ndi mlimi wa fodya komanso mkulu wa mpingo. Chaka chino fodya wawo wachita bwino, chigafa chadzaza mpaka kudenga. Koma fodya sapita yekha ku okushoni. Amafunika kumusankha tsamba ndi tsamba, munthu utakhala pansi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ntchito imeneyi a Phiri sapatsa munthu wina aliyense. Tsono msana unakana. Akakhala pang'ono, podzuka mpaka agwire mzati. Fodya ali phee kudikira, mavenda ayamba kale kuzungulira pakhomo, kufuna kumugula wosasankha pa mtengo wolira nawo.

Mukawafunsa? "Ndili bwino, kaya inu."

Kuchipatala anapita, mochita kuwakoka. Anawayeza, anawapatsa mankhwala, n'kuwauza kuti azichita masewera olimbitsa thupi. Masewera! Mkulu wa mpingo! Anangoseka n'kubwerako.

Apa m'pamene mayi a kunyumba kwanga anatchula za NyaGondwe, mayi wa ku Kaluluma amene amaphunzitsa yoga. Kwa inu amene simunaionepo, yoga ndi kuwongola thupi pang'onopang'ono uku ukupuma mwadongosolo. Palibe kuthamanga, palibe kunyamula zitsulo. Ine ndinatumidwa kukawatenga.

M'njira anandifotokozera mbiri yawo. Nawonso anakulira m'fodya, kusenza mitolo kuyambira ali kamtsikana. Atakula anapita ku Lilongwe kukalera ana kwa amwenye, ndipo kumeneko msana unawagwira mpaka kumayenda chowerama. Mayi wokalamba wa m'nyumbamo ndi amene anawayalira kamphasa tsiku lina n'kuwaonetsa zochita. Atapeza bwino, anakaphunzira mokwanira kwa mphunzitsi wina m'tauni momwemo, kenako anabwerera kwawo.

"Ndinayamba ndi holo pa Boma," anatero. "Kunabwera atsikana a mafoni, kumangojambulana. Odwala misana enieniwo, ng'o! Wina akuti n'zopembedza mafano, wina akuti sangakweze miyendo pagulu atavala chitenje. Ndinatseka holoyo. Pano ndimayenda khomo ndi khomo. Munthu mmodzi, chitseko chotseka."

Ndinavomera ndi mutu, eya eya. Koma sindinamve kuti mawu amenewa akundikhudza ndi ine.

Titafika, NyaGondwe sanathamangire kuyala mkeka. Anapempha kuona chigafa. "Bambo, takhalani mmene mumakhalira posankha fodya." A Phiri anakhala, miyendo tambalale, khosi lili zyoli. Mayiyo anawayang'anitsitsa. Anawafunsa mbali imene amaika fodya wosankha, mbali imene amatembenukira, ngati mwendo umachita dzanzi. Kenako tinalowa m'nyumba, ndipo anaitana apongozi aakazi.

"Ine mwamuna wa mwini sindimugwira. Dzanja likhala lanu, mayi, ine ndizingonena poliika."

Ndinasilira nzeru imeneyi. Ndinakoka mpando, n'kukhala pakona, mwendo pamwamba pa unzake ngati ndikuonera mpira.

"Bambo, gwadani pamkekapa, manja pansi, ngati mwana wokwawa."

A Phiri anatsokomola. Anakonza kolala ya malaya. "Mayi, mwavutika ndi ulendo. Koma msanawu wapola wokha."

Apongozi aakazi maso ali pansi, akupotokola nsonga ya chitenje. Ndiye ine ndi changu changa chopusacho: "Yesani bambo, n'zosavuta! Kapena ndiyambe ine muonere?"



NyaGondwe anandicheukira mwaulemu wake wonse. "Achimwene, njinga yanu ija ili padzuwa. Kaiikeni pamthunzi."

"Ili kale pansi pa mango."

"Ndiye kakhaleni nayo, ingasungulumwe."

Abale inu, manyazi amene anandigwira! Ndinatuluka ngati galu wakuba mazira. Ine wobadwira m'mudzi, wodziwa bwinobwino kuti mkamwini sadyera mbale imodzi ndi apongozi, ndinafuna kuti a Phiri akwawe pamaso panga, mbuyo ili m'mwamba, dzanja la akazi awo lili pamsana? Zaka zochepa zokhala pa Boma, ndiye mwambo wonse wathawa m'mutu. Munthuyo anali wokonzeka kugulitsa fodya wa chaka chonse kwa mavenda kusiyana n'kuti mwamuna wa mwana wake amuone akukwawa. Ndipo kunena zoona, ndikanakhala ine ndikanachita chimodzimodzi.

Pansi pa mango paja ndinapeza nthawi yoganiza, poti njinga siyankhula.

Timakonda kunena kuti akuluakulu athu ndi a makani, amabisa matenda. Timawanena kuti manyazi anapha Lambe. Chabwino. Koma tinayamba tawerengapo anthu amene amakhala m'chipinda pamene tikuwafunsa kuti akupeza bwanji?

Chikondi chathu ife n'chodzaza m'nyumba. Munthu akadwala timapita tonse, amvano, akwaya, adzukulu, aneba, mpaka mpweya kusowa. Tikatero timafunsa molimba mtima, "Mukumva bwanji?" Ayankhe chiyani pamenepo? Anene pamaso pa gulu lonselo kuti akulephera kuvala buluku yekha? Amangoti "pang'ono", ife n'kuimba nyimbo n'kubalalika, tili okhutira kuti tazonda wodwala.

Kuchipatala n'chimodzimodzi. Timawaperekeza mpaka m'kachipinda ka adokotala. Adokotala akufunsa za mkodzo, mwana wamkazi ali chilili pambali, ndipo nthawi zina ndi iye amene akuyankha. Tikabwerako timadandaula kuti mankhwala sakugwira.

Paja amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Koma atsegula bwanji ife titatsamira chitsekocho?

Zimene zinachitika m'nyumbamo sindinazione, ndipo sindiyenera kuziona. Zochepa zimene ndikudziwa zinadzera kwa apongozi aakazi, kupita kwa mwana wawo, kenako kwa ine. Akuti chitseko chitangotsekedwa, a Phiri anaulula kuti ululuwo unayamba nthawi yowokera fodya, ndipo nsapato za kutchalitchi akhala akuziponda kumbuyo chifukwa cholephera kuwerama. Ngakhale akazi awo sankadziwa zimenezi. NyaGondwe sanawalonjeze zozizwitsa. Anawaonetsa tinthu tochepa tochita m'mawa uliwonse, kapumidwe kake, ndi kakhalidwe kena posankha fodya. Anawauzanso kuti mwendo ukayamba dzanzi, asadikire iwo, abwerere kuchipatala.

Chitseko chitatseguka, a Phiri anatuluka pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu. Sanachire, musandinamizire. Koma analunjika kuchigafa, anapinda thumba n'kukhalira, msana atatsamiritsa kumzati monga anawauzira, n'kutola tsamba loyamba. Analiyang'ana padzuwa, naliika kumanja. Anatola lina. Apongozi aakazi anathawira kukhitchini, ndikuganiza kuti kukapukuta m'maso.

Potsanzikana a Phiri anati, "Mayi, mubwerenso Lachitatu." Kenako anandiyang'ana ine, mwachikondi ndithu. "Koma akamwini asavutike. Tidzakutumizirani kabaza."

Nanga inu, wodwala wanu uja amene amangoti "ndili bwino", munayamba mwatulukapo panja kuti apeze mpata wonena zoona?