Miyeso ya a Che Amidu inapita ndi fayilo imodzi

Lachiwiri lapitali ndinaima m'shopu ya telala ku Zingwangwa, ndikumvetsera munthu wachikulire akupepesa pa mlandu wanga.

A Che Amidu akhala akusoka kuseri kwa msika kuyambira ine ndili mwana. Miyeso ya makasitomala ankalemba m'makope. Chaka chatha ine, amene ndimadyera kulemba mapulogalamu a pakompyuta, ndinawapangira kapulogalamu kosungira miyeso pa laputopu imene mwana wawo anawatumizira. Ndinaikamo kadatabesi kopepuka, kankhokwe kosungiramo zolembedwa, kaja kamakhala m'kati mwa pulogalamu momwemo, kosafuna intaneti. Zonse zimalowa m'fayilo imodzi. Kungolemba dzina, chiuno ndi mapewa a munthuyo zatulukira. Makope ndinawauza kuti ndi zachikale, mpaka mayi a kunyumba kwawo anakolezera mbaula.

Kenako laputopu inayamba kumazima yokha. Anaipititsa kwa okonza, okonzawo anapukuta zonse n'kuikamo zatsopano. Inabwerako ikuthamanga bwino, koma mulibe dzina ngakhale limodzi. Chonsecho Loweruka kunali ukwati: madiresi asanu ndi awiri a operekeza mkwatibwi, nsalu isanadulidwe, woperekeza wina ali ku Mulanje, wina ku Lilongwe.

Ndinafufuza mpaka thukuta. Palibe.

A Che Amidu sanandikalipire. Anatenga foni n'kuyamba kuimbira makasitomala mmodzimmodzi, kunena kuti miyeso ataya, ukalamba wawakwana. Mayi wina anawazazira mpaka ine ndimamva ndili pakhomo. Dzina langa silinatchulidwe.

Atamaliza ndinawauza kuti wolakwa ndine.

"Miyeso anapatsa ine, sanapatse inu," anatero. "Koma achimwene, mukanandiuza kuti chinthuchi chimafa."



Mukudziwa chimene chikundiwawa? Ubwino wonse wa timadatabesi timeneti ndi woti fayilo ndi imodzi. Kuikopera pa fulashi ndi ntchito ya mphindi imodzi. Batani lochitira zimenezi ndinati ndidzaika mawa, mawalo latha chaka. Tsiku lowapatsa pulogalamu ndinatanganidwa kuwaonetsa liwiro ndi mitundu yokongola. Akulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Ine ndinadala madzi asanafike n'komwe.

Ndipo tisanamizane, anzanga a ntchitoyi. Timakonda kuoneka ngati asing'anga. Tikamuuza munthu kuti ntchito yake ya zaka zambiri ili m'kafayilo kamodzi kamene angathe kukopera yekha, ulemu wathu uchepa. Ndiye timakhala chete, azitiimbira. Timachotsa munthu pa njira imene ankaidziwa, n'kumusiya pa njira imene timaidziwa ife tokha.

Operekeza mkwatibwi asanu anabweranso kudzayezedwa. Wa ku Mulanje a Che Amidu anamutsatira pa minibasi, shopu atatseka tsiku lonse. Wa ku Lilongwe anadziyeza yekha n'kutumiza pa foni. Diresi inamuthina m'khwapa, anaimasula n'kuisokanso Lachisanu. Ukwati unachitika. Batani lija ndinaika Lachitatu la sabata yomweyo, silinanditengere ngakhale ola.

Tsopano ndikuyendera ena onse amene ndinawaikira mapulogalamu, ku Ndirande, ku Bangwe, fulashi ili m'thumba. Pakhomo lililonse ndikuyamba ndi kupepesa.

Nanga inu amene munaikiridwa pulogalamu pa shopu kapena pa sukulu panu, kompyuta itazima lero osadzukanso, mukudziwa kumene ntchito yanu ili? Amene anakuikirani uja anakuuzani?