Dzenje la a Phiri kuseri kwa khitchini

Mwaswera bwanji ana anga nonse kumeneko.

A Phiri, amuna ake a Esinati, abwera kummawaku kuchokera ku Chipata ndi chowonera nyenyezi. Chimpaipi chake n'chonenepa ngati mtondo, koma miyendo yake itatu ndi ya kakowa. Akuti m'sitolo munali ziwiri, iwo anathamangira cha diso lalikulu, za miyendo osayang'ana. Achiimika pabwalo kuti ayesere paphiri, kamphepo kungoti pang'ono, phiri lonse likuvina m'katimo.

Ndiye akuti mankhwala ake ndi chipilala cha simenti chosagwedera choikapo chowoneracho, pamalo opanda mitengo. Masana ano ndangomva khasu kuseri kwa khitchini.

Pamenepo mpamene ndinakwirira michombo yanu nonse asanu ndi awiri, ndi ya adzukulu atatu. Chizindikiro palibe, poti zimenezi amuna sitiwauza.

Mkamwini sindingamulankhule maso ndi maso. Ndaitana Esinati, nkhope ndalozetsa kunkhokwe, ndati, "Uwauze bambo a kwanu khasu lipume." Iwo ali chiimire pomwepo, nawonso akuti, "Uwafunse amayi chalakwika n'chiyani, kumwamba kukuoneka bwino pano pokha." Esinati wangoti, "Kodi ine ndasanduka foni yanu?" n'kubwerera kokachapa.

Khasu laima, dzenje lafika m'kakolo, simenti ili pakhonde. Chifukwa chake sindinawauze.

Eni michombo ndinu. Ndiwatumize akafune malo kudambo, kapena chipilalacho chikhale pamwamba panu? Muyankhe lero, womanga akubwera mawa mmawa.