Masiku amene ndinkathira mchere

Ndili Fomu 2 ndinkakhala ndi achimwene ndi akazi awo ku Kambuzuma mumzinda wa Harare, m'zipinda ziwiri zakuseri kwa nyumba ya eni. Achimwene ankawotcherera zitsulo ku Workington, dera la mafakitale. Alamu ankagulitsa tomato pageti. Anali atatha zaka zisanu m'banja popanda mwana.

Dokotala wa azimayi m'tauni anapatsa alamu mapiritsi othandiza kuti dzira likhwime. Anati ayambe kumwa pa tsiku lachiwiri la kumwezi, ndipo pa tsiku la 21 akatengetse magazi. M'magazimo ankayeza homoni ina imene imakwera dzira likatuluka. Kawiri konse inapezeka yotsika. Dokotala anati ikatsikanso kachitatu awasiyitsa mapiritsi, chifukwa ndiye kuti sakugwira ntchito. Njira yotsatira inali yodula, yoti ife sitikanaifikira.

Ine ndinali mwana wosayankhulayankhula. Zonse ndinkauza kope langa lachikuto chobiriwira, ngakhale zazing'ono. Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, choncho alamu ankangoti, "Mlamu, tandithirireko." Madzulo ake ndinkalemba kuti lero ndathira mchere.

Loweruka lina ndikusita yunifolomu ndinamva alamu akuwerenga masiku pakalendala ya kukhoma. Chala chawo chinayambira pa Lachisanu. Ndinatsegula kope. Mchere ndinali nditayamba kuthira Lamlungu, masiku asanu m'mbuyo. Ndinayang'ana miyezi iwiri yapitayo, n'chimodzimodzi. Alamu ankayamba kuwerenga tsiku limene ayera n'kubwerera ku mchere, monga anawalangizira anamkungwi ku famu kumene anakulira. Koma aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti tsiku loyamba ndi limene magazi ayamba.

Ndinasunga zimenezi masiku atatu. Mtsikana safunsa mkazi wa achimwene ake nkhani zotere. Komanso ndikanaulula kuti ndimalemba za iwo. Koma kuyezetsa kwachitatu kunali pafupi. Ndinakopera masikuwo papepala, mizere iwiri, wanga ndi wawo, n'kukawapatsa pageti.

Anawerenga nthawi yaitali.

"Iwe, umandilemba m'buku?"

"Mchere wokha, alamu."

"Kamtsikana kachete ngati mphaka, kani ndiwe wapolisi." Anaseka pang'ono, kenako anasiya. Anati iwo sangakauze dokotala kuti analakwitsa kuwerenga, awaona ngati mbuli. Ndinati ndipita nawo ndikanene ndine. Sindikudziwa kumene mawuwo anachokera.

Lolemba ndinajomba kusukulu, tinakwera kombi, minibasi yopita m'tauni. M'chipinda cha dokotala Chingerezi changa chonse chinathawa. Ndinafotokoza m'Chishona, maso ali pansi. Dokotala anatenga pepala lija, nawerenga ndi cholembera. Anati mapiritsi ankamwedwa mochedwa, magazinso ankatengedwa homoni itayamba kale kutsika, choncho zotsatira ziwiri zija sizikunena kanthu. Anapepesa kuti sanafunse mmene alamu amawerengera. Anati tiyambirenso.

Mwezi wotsatira tinawerengera limodzi. Pa tsiku la 21 lenileni alamu anapita okha kukatengetsa magazi, ndipo homoni ija inapezeka yokwera. Dzira linali litatuluka.

Mimba sinabwere mwezi umenewo. Alamu analira kuseri kwa nyumba, kenako anasukusula n'kukatenga mapiritsi ena, pakuti dokotala anali atawalola miyezi ina itatu. Pobwera anandigulira kope latsopano pamsika, nati lakalelo ndisunge zinsinsi zanga, ili likhale la awirife.