Chikopa cha a Elson Namakhwa

Pa 14 Ogasiti 1955, Lamulungu, a Elson Namakhwa anachotsedwa pa mzere wa ubatizo m'tchalitchi cha pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, anthu onse akuona.

A Elson anali odulira tiyi, mwana wa Alomwe amene anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki. Kuwerenga sankadziwa. Akazi awo a Teleza anali obatizidwa kale, koma mgonero sankadya chifukwa chokwatiwa ndi wakunja, munthu wosabatizidwa. Nkhani imeneyi ndiyo inatengera a Elson ku kalasi ya ubatizo, ndipo gule wa tchopa, amene ankamuvina bwino kuposa aliyense m'malaini a antchito, anamusiya.

Pakhoma la tchalitchicho panali chithunzi chochokera ku Ulaya, cha Yohane akubatiza Yesu. A Douglas, mphunzitsi wa kalasiyo, ankati chithunzi ndi buku la osaphunzira. Ankaloza ndi kandodo: nkhunda ndi Mzimu Woyera, kuwalako ndi mawu a Atate, madziwo ndi kutsuka machimo. A Elson anafunsa za chikopa chimene Yohane anavala. Anawayankha kuti chimasonyeza kudzichepetsa pamaso pa Mulungu.

Mawu amenewa a Elson anawasunga. Jekete analibe. Anaganiza kuti ngati munthu woyandikana ndi Ambuye pa ubatizo amavala chikopa, ndiye kuti chovala chaulemu anali nacho kale m'nyumba. Anatulutsa chikopa chawo cha gwape, n'kuchikutumula, n'kuchifewetsa ndi mafuta a nsatsi. M'mawa wa tsikulo anachikoleka paphewa lamanzere monga m'chithunzimo, n'kukaima pa mzere pakati pa malaya oyera.

Amayi anayamba kunong'onezana. Mbusa wachizungu atafika pa a Elson anaima, nkhope itafiira, n'kulankhula Chingerezi kwa a Douglas. Kenaka a Douglas anawagwira dzanja kupita nawo panja, akuti abweretsa tchopa m'nyumba ya Mulungu.

"Aphunzitsi, si inu munati n'kudzichepetsa?"

"Chija n'cha ngamira, bambo. Ichi n'cha gwape."

"Nanga ngamirayo ndikaipeza kuti kuno ku Thyolo?"

Anawabweza ku kalasi yoyamba. A Elson anapitirizabe, koma anasanduka munthu wachete. Ankakhala kutsogolo n'kumayang'ana chithunzi chija, kufunafuna pamene anaphonya. Nthawi zina ankafunsa a Teleza ngati nkhunda nayonso ndi yamtundu wina. Mu 1957 chifuwa chinawatenga asanabatizidwe, ndipo anaikidwa popanda nyimbo.

A Teleza, ataferedwa, analoledwa kudya mgonero. Sanapite.

Akulu a mpingo, nkhaniyi simunaiyankhe mpaka lero. Ngati chikopa n'chikunja, munachipachikiranji pakhoma n'kumaphunzitsa nacho anthu? Ngati n'kudzichepetsa, a Elson analakwa chiyani? Yankhani.