Makasu amene sanalire m'mamawa

Ndinadzuka tambala asanalire, ngakhale kudzuka kwake kunali kungochoka pamkeka, poti tulo panalibe. Amayi a Mvano anali atasasa mawu ndi nyimbo. Panja moto wa azibambo unali utatsala makala, ndipo cha ku Chulu mphezi zinkang'anima popanda kugunda.

Chimene ndinkatchera khutu ndi makasu. Kwathu kuno adzukulu amalawirira mbandakucha kukakumba manda, ndipo umawamva akudutsa kuseri kwa nyumba. Tsiku limenelo kunali zii.

Womwalirayo anali mlongo wanga Levisoni, woimba gitala. Masiku ambiri ankakhala ali m'maesiteti kusangalatsa matenanti, ndiye maliro a m'mudzi ankangomupita. Anthu ankaona n'kumasunga mumtima. Paja maliro n'kulirana.

Kutacha, azimayi anasonkha moto wophikira, koma nkhuni zinali zonyowa, utsi wokhawokha. Malume anapita kukagwada kwa mkulu wa adzukulu, n'kubwerako nkhope itagwa. Yankho linali lalifupi: amukumbire gitala wakeyo. Ndinachita mantha enieni. Ndi kutentha kwa nyengo yothyola fodya, thupi silikanagonanso m'nyumba.

Chaka chatha tsamba lina la pa intaneti lolemba za oimba linatulutsa nkhani ya Levisoni, ndi chithunzi chake atakhala pansi pa chigafa cha fodya. Ankaionetsa aliyense, ine n'kumamuseka kuti nkhani ya pa foni siidyedwa. Tsamba lomwelo ndi limene linalengeza za imfa yake, mpaka kutchula mudzi wathu.

Dzuwa litakwera, anthu anayamba kufika. Ena panjinga, ena pakabaza, ena atadzaza ngolo ya thirakitala kuchokera ku Kapelula. Ambiri anali matenanti, manja akuda ndi utomoni wa fodya, malankhulidwe awo akummwera. Sindinkadziwapo ndi mmodzi yemwe. Atamva kuti manda sanakumbidwe, sanafunse zambiri. Anatola makasu m'makonde mwathu n'kulunjika kumsitu wa manda.

Mlendo sakumba m'manda a eni. Adzukulu anathamanga kukatsekereza njira, ndipo magulu awiriwo anaima maso ndi maso, mitambo ikuda pamwamba pawo. Mayi wina mwa alendowo anakweza foni n'kuyamba kujambula. Mkulu wa adzukulu anaiyang'ana foniyo nthawi yaitali. Kenako analanda khasu m'manja mwa tenanti wina n'kulowa m'msitu, anzake pambuyo.

Tinanyamula bokosi masana, mphepo ikuzula udzu pazigafa. Alendo ankaimba mwamphamvu, a m'mudzi akungoyenda chete. Madontho oyamba anagwa pamene ankatsiriza kukwirira.

Pobwerera, mkulu uja anandipeza panjira. Sanakweze mawu.

"Mayi, lero takumba kuopa manyazi. Wotsatira wa m'nyumba mwanumo adzamukumbira a pa foni omwewo."

Pofika madzulo alendo onse anali atabwerera kumaesiteti awo. Mvula inkagwa pang'onopang'ono padenga, gitala ali chopachikika pamsomali. Foni ya Levisoni inkangowala patebulo ndi mauthenga a chipepeso ochokera kutali. M'nyumbamo tinatsala awiri, ine ndi amayi anga, iwo akutsokomola kuchipinda. Tonse awiri sitiimba, ndipo palibe tsamba limene limatidziwa.